Mwini Nyumba Akadali Moyo

"Mpando wanga uli kuti?"

A Orval Tollefson anaima pakhomo la khitchini atatsamira ndodo yomwe anawapatsa kuchipatala. Pakona, pafupi ndi mbaula, panangotsala mizere iwiri pansi pamene mpando wawo wogwedera udadya thabwa kwa zaka zambiri.

Mwana wawo Colleen analowa pambuyo atanyamula chikwama. "Mpando uti, ababa?"

"Mpando uti! M'nyumba muno munali mipando yogwedera ingati? Ketulo palibe. Majombo anga palibe. Taona kukhoma uko, ndi kalendala ya mayi ako yomwe yapita."

Kalendalayo inali ya chaka chomwe akazi awo, mayi Ardis, anamwalira. A Orval sanaitembenuzepo kuyambira mwezi umenewo, ndipo palibe amene ankalimba mtima kuikhudza.

Colleen anaika chikwama patebulo pang'onopang'ono. "Mwina munapatsa munthu musanapite ku opaleshoni. Mankhwala aja ankakusokonezani kwambiri."

"Madokotala ang'amba chiuno, mayi iwe, mutu sanaukhudze."

"Nanga chitseko munakiya?"

Kwa a Orval funsolo linali lopusa. Colleen anabadwira m'nyumba yomweyo ndipo ankadziwa kuti kuchidikha kuno munthu sakiya chitseko. Mphepo ya chipale chofewa ikapeza munthu pamsewu, amalowa m'nyumba yoyamba kuiona, n'kukoleza moto, kuthokoza n'kwa pambuyo. Koma ana akakhalitsa mumzinda wa Regina amabwera ndi mafunso a ku Regina.

Nkhani yeniyeni anali atakambirana kale m'galimoto, ulendo wonse kuchokera kuchipatala. Colleen anali atawapezera chipinda kunyumba yosungirako okalamba ku Swift Current, ndipo eni ake ankafuna yankho Lolemba. Ili linali Loweruka. A Orval anali atakana mpaka pakamwa kuuma, koma tsopano anaona mmene mwanayo ankawayang'anira, ngati munthu amene wapeza umboni womwe ankaufuna. Bambo woiwala komwe waika mpando sangakhale yekha pakati pa minda ya tirigu.

Panja panamveka galimoto, kenako kuuwa kwa galu. Anali a Nestor Danyluk a famu yoyandikana nayo, amene ankasunga galu wa a Orval milungu yonse yomwe anali kuchipatala. Anatsika akuseka kale.

"Aa, malemu afika! Colleen, bwanji osandiuza kuti anthu akufa masiku ano amayenda ndi ndodo?"

"Nestor, ndilibe nthawi ya zopusa zako. Andibera."

"Ndikudziwa. Vala jekete, mdala iwe, tipite kusukulu. Kuli maliro ako, ndipo khofi ndi waulere."

Sukulu ya ku Brandvold idatsekedwa ana atatha m'mudzimo. Njanji adazula, nkhokwe yaitali ya tirigu adagwetsa, positi ofesi adasamutsa. Zonse zitatha, bungwe lina la mumzinda lidakonza sukuluyo, n'kumatumiza anthu aluso kuti adzikhalamo mwezi umodzi nyengo yotentha: ojambula, osema, olemba ndakatulo. A Orval ankati ndi mmene boma limachitira: liyamba lapha mudzi, kenako litumiza anthu odzajambula mtembo. Ankawaona alendowo m'mbali mwa msewu atavala zipewa zazikulu, akuyang'ana kumwamba ngati kwawo kulibe mitambo, ndipo sanaimepo kuti awapatse moni.

Tsiku limenelo alusowo ankaonetsa ntchito zawo. Panja panali magalimoto ambiri kuposa a kutchalitchi pa Khirisimasi. A Orval analowa m'kalasi momwemo momwe adalekezera sukulu ali mnyamata, ndipo anthu atawaona anangoti zii, ena n'kubisa nkhope m'makapu a khofi.

Pakati pa chipindacho panali pothira dothi lakuda mozungulira. Padothipo panali mpando wawo, majombo awo ataikidwa bwinobwino kutsogolo kwake, ndi ketulo pambali. Kalendala ya mayi Ardis inkalendewera pa ulusi kuchokera kudenga.

Mtsikana wina wa tsitsi lalifupi, wochokera ku Montreal, dzina lake Solange, anali pakati pofotokoza. Anali atafulatira khomo.

"Zonsezi ndinazipeza m'nyumba ina yosiyidwa kumpoto kwa mtsinje," iye anatero ndi mawu ofatsa ngati a kumanda. "Udzu pabwalo unali wofika m'chiuno. Utoto udasupuka wonse, magetsi kulibe, chitseko chosakiya. Kalendala idaima zaka zambiri zapitazo. Sindikudziwa kuti munthuyu anali ndani, koma ndinamva ngati akundipempha kuti ndisalole kuti aiwalike."

"Ameni," anatero a Nestor.

Aliyense m'chipindamo ankawadziwa majombo aja. Koma anthu a ku Brandvold sachititsa mlendo manyazi pagulu, komanso, kunena zoona, padali patapita nthawi yaitali chichitikireni chinthu chokoma chotere m'mudzimo. Anangodikira.

A Orval anayenda, ndodo ikugogoda pansi. Anaponda dothi lija, natembenuka movutikira chifukwa cha bala, n'kudzitsitsa pampando. Mpandowo unalira kulira kwake kwa masiku onse.

Solange anathamangira. "Pepani bambo, apo sitikhalapo. N'zongoonetsa."

"Ine ndakhala apa kuyambira iwe usanabadwe."

"Bambo, mwina simunamvetse..."

"Ndamvetsa bwino. Wati munthuyu ankakupempha. Ndabwera ndikuuze ndekha kuti sindinakupemphe kanthu."

Chipinda chonse chinaphulika. Amayi a kutchalitchi anagwirana mapewa, a Nestor anakhala pansi pabenchi akupukuta misozi. Solange anayang'ana majombo, nayang'ana mapazi a a Orval. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Ndinagogoda, bambo, ndinaitana..."

"Unaitana munthu ali pa tebulo la opaleshoni ku Swift Current. Ukadafunsa nyumba yotsatira. Safunsa anadya phula, mwana iwe."

A Orval anamva kukoma. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene akuseka, ndipo m'pamene anaona Colleen. Iye yekha ndiye sankaseka. Anabwera pafupi, nawerama, n'kulankhula motsitsa kuti amve awiri okha.

"Mwamva, ababa? Sindine ndanena. Mlendo walowa m'nyumba mwanu masanasana, wazungulira zipinda zonse, n'kutuluka akukhulupirira kuti mwini wake adafa kalekale."

"Magetsi unazimitsa ndiwe."

"Utoto sindinasupule ndine. Kalendala sindinaimitse ndine."

Mawu amenewo anawalowa kuposa mpeni wa dokotala. Mpando unali utapezeka, mutu wawo unali bwinobwino, koma mlandu unali utakula. Anthu onsewa akapita kwawo adzaseka mtsikanayu usiku umodzi, koma mawa adzayamba kunena kuti zoona, nyumba ya Orval ikuoneka ngati manda.

Mayi Verna, amene ankayang'anira malowo, anafika akupotokola manja. "A Tollefson, ndachita manyazi kwambiri. Ngati mukufuna tiitane apolisi, muli ndi ufulu."

A Orval anaganiza. Apolisi akabwera, nkhani idzafika m'maboma onse oyandikana nawo, ndipo wapolisi adzaima pabwalo, naye n'kuona udzu womwewo ndi makoma omwewo. Mtsikanayu adzabwerera kwawo akulira, mlendo ndi mame, koma iwo Lolemba adzakwezedwa galimoto.

Anatambasula ndodo nakoka ulusi uja mpaka kalendala inafika m'manja mwawo. Anaimasula mosamala, naipinda, n'kuiika m'jekete. Apa palibe anaseka.

"Iwe," anatero kwa Solange. "Akuti ndiwe wojambula. Burashi umadziwa kugwira?"

"Inde, bambo."

"Yaikulu, ya khoma. Osati timichira ta mbewa timene mumasewera nato kuno."

"Ndingaphunzire."

"Muli angati m'sukulu muno?"

"Anayi. Ine, wosema mmodzi, woimba, ndi uyo wa ndakatulo."

Wa ndakatuloyo, mnyamata wamtali wa ndevu zosapesa, anayesa kubisala kuseri kwa amayi omwe ankagawa makeke.

"Nonse anayi mawa m'mawa kunyumba kwanga. Mwadya za m'mudzi uno mwezi wathunthu. Mudzapala makoma, mudzapaka utoto, ndipo wamtaliyo adzatchetcha udzu. Katunduyu abwerere lero. Apolisi asiyeni apume."

"Koma enawa sanalakwe, a Tollefson," anatero mayi Verna.

"Anathandiza kunyamula mpando kapena sanathandize?"

Wosema uja anayang'ana pansi.

M'galimoto pobwerera, Colleen anayendetsa mpaka anadutsa mlatho. Kenako anati, "Utoto sudzakudzutsani mukadzagwa m'bafa, ababa."

"Kunyumba ya nkhalamba kumene ukunenako anthu sagwa?"

"Amagwa, koma pamakhala wowatola."

"Pamakhala wowatola, inde, n'kukawakhazika pawindo kuti adziyang'ana malo oimika magalimoto mpaka afe. Mjomba wako Arne adapita kumeneko akuyenda ndi miyendo yake. Unamuona mmene adathera."

Colleen anapitiriza kuyendetsa. Anapukuta diso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo a Orval anayang'ana kunja, kuminda ya tirigu yomwe tsopano inkalimidwa ndi kampani ya anthu osadziwika nkhope.

Lamulungu m'mawa alusowo anafika atapanikizana m'kagalimoto kamodzi. Sitolo inali yotseka, choncho a Nestor anabweretsa zitini za utoto zomwe zidatsala pamene ankakonza khola lawo. Solange anatsegula chitini chimodzi, n'kuima.

"Bambo, uwu ndi wofiira wa khola."

"Ndili ndi maso."

"Panyumba anthu amapaka woyera. Tikadikira mawa tingagule..."

"Mawa n'kutali. Paka. Ndikufuna munthu ali pamsewu waukulu uko aone kuti pano pali wina wamoyo, ndiponso wovuta."

Anagwira ntchito, ndipo a Orval sanayembekeze kuti agwira chotero. Wosema anali ndi mikono ya mlimi, anapala khoma la kumadzulo yekha. Woimba ankatola zinyalala. Wa ndakatulo analimbana ndi makina otchetchera udzu mpaka a Nestor anamuchitira chifundo, n'kumupatsa makwerero kuti azipaka utoto. Solange sanapume n'komwe. Dzuwa litafika pamutu, manja ake anali atatuluka matuza, ndipo a Orval, atakhala pakhonde galu ali pamapazi, anawaona matuzawo. Matuza sapha munthu.

Masana mtsikanayo anabwera kudzamwa madzi. Anaima patali pang'ono.

"Bambo, mayi amene ankalemba pakalendala paja anali akazi anu? Ndinaona mmene ankalembera masiku obadwa a anthu."

"Anali akazi anga."

"Ndikupepesa. Osati chifukwa anthu anandiseka."

A Orval anamuyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna bodza pankhope pake. Sanalipeze, ndipo zinawanyansa pang'ono.

"Pansi pa windo la khitchini thabwa lidawola," anatero. "Usapake pamwamba pake ngati mmene amachitira a boma. Uza wosemayo alichotse."

Colleen anakhala tsiku lonse m'nyumba. Anayatsa magetsi, anatsuka firiji, anakolopa. Nthawi ndi nthawi ankatuluka kudzaima pabwalo manja ali m'chiuno, akuyang'ana khoma likufiira. A Nestor anamupeza pamenepo.

"Mwana wanga, usadandaule kwambiri. Ine ndidzibwera m'mawa uliwonse kudzamwa khofi wake woipayo. Tsiku lomwe sadzanditukwana, ndidzakuimbira foni."

"Inunso, amalume, muli ndi zaka zingati?"

"Zokwanira kumuika m'manda uyu, ndiye ndipume."

"Udzayamba ndiwe!" anakuwa a Orval ali pakhonde. "Makutu anga sanapite ku opaleshoni!"

Lolemba m'mawa makoma awiri anali atatha, ofiira ngati chilonda. Colleen anaika chikwama chake m'galimoto, nakhala m'menemo zitseko zotseka, foni ili kukhutu. A Orval anamuyang'ana kudzera pagalasi. Sankamva kanthu, ankangoona milomo ikuyenda.

Colleen anatuluka, nabwera kudzaima pansi pa khonde.

"Ndawauza kuti chipindacho apatse wina."

A Orval anagwedeza mutu kamodzi.

"Musaganize kuti mwapambana, ababa. Mlungu wamawa kubwera munthu kudzaika zogwirira m'bafa, ndipo simumuthamangitsa. Chipale chikayamba kugwa ndibweranso ndi nkhani yomweyi."

"Ubwere. Undipeza."

Anawapsompsona pamphumi mwamsanga, ngati akuopa kuti amukankha, n'kupita. Kuchidikha galimoto sisowa msanga. A Orval anayang'ana fumbi lake likuchepa pang'onopang'ono mpaka linasakanikirana ndi thambo. Ankadziwa kuti agula chilimwe chimodzi basi, ndipo kuti mwanayo sanama za chipale.

Anatsika pakhonde, sitepe imodzi imodzi, nazungulira kuseri kwa nyumba kumene makwerero anali.

"Iwe wa ndakatulo! Pamwamba pa windo apo wasiya. Kwera ubwereze, ndipo upake mokhuthala. Utoto umenewu ndikufuna undikhalire zaka khumi."