Chithunzi cha Ubongo wa Achimwene

Amayi ake a Sanjeewa, mnyamata amene ankafuna kundikwatira, anamva kwa anthu kuti achimwene anga a Ruwan amamwa mankhwala a matenda a maganizo. Ukwati sanaukane. Anangoti, "Tharushi akajambulitse ubongo. Ngati ukufanana ndi wa mchimwene wakeyo, tidziwiretu."

A Ruwan atamva anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Ukafanana ndi wanga ndiye kuti apeza mpongozi wanzeru!" Iwo anali atajambulitsa kale pa kafukufuku wa anthu amene amamva mawu opanda wolankhula.

Ine ndinakana kujambulitsa, koma Lachiwiri ndinawatenga mayiwo kupita kuchipatala ku Kandy. A Ruwan anatilondola, ati ubongowo ndi wawo.

Dokotala Jayasundara, mayi wamfupi wa imvi amene ankatsogolera kafukufuku uja, anatitembenuzira kompyuta. Panali zithunzi makumi awiri zopanda mayina. Anatiuza kuti madontho ofiira akusonyeza pamene ubongo wa munthuyo wasiyana ndi wa anthu ambiri a msinkhu wake.

"Onsewa matenda awo ndi amodzi ndi a Ruwan," anatero. "Mayi, ndilozereni awiri ofanana."

Mayiwo anavala magalasi n'kuyamba kufufuza ngati akusankha mpunga. "Uyu ali nawo kutsogolo. Uyu chakukhutu. Uyu paliponse, mayo ine! Koma uyu alibe ndi dontho limodzi lomwe. Mwamusakaniza, ameneyu ndi wabwinobwino."

"Zikomo kwambiri," anatero a Ruwan. "Ameneyo ndi ine."

Dokotala anagwedeza mutu kuvomereza. "Dzina la matenda ndi limodzi, koma aliyense ubongo wake uli ndi kakhalidwe kake. Ndipo alipo anthu osadwala amene ali ndi madontho. Tharushi akajambulitsa, chithunzicho sichikuuzani za mawa."

"Nanga ndidziwa bwanji?"

Ndinayankha ndine. "Simudziwa, amayi. Inenso za mawa la Sanjeewa sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti achimwene adwala zaka zisanu ndi zitatu, mankhwala sadumphitsa, ndipo amaphunzitsa masamu kusekondale. Pa ukwati wanga adzakhala kutsogolo. Ngati zimenezo n'zovuta, neneranitu lero."

Panatha masabata awiri osamva chilichonse kuchokera kwa mayiwo. Sanjeewa ankangondiuza kuti ndipirire.

Kenako Lamlungu lina mayiwo anabwera kwathu okha, atanyamula nthochi. Ine anangondipatsa moni n'kupita kukhonde kumene a Ruwan ankachonga makope. Ndinawamva mayiwo akunena chapansipansi kuti ali ndi mng'ono wawo ku Matale amene watha zaka zinayi osatuluka m'nyumba, ndipo abale amangouza anthu kuti ndi wamanyazi.

"Adokotala aja amaona anthu masiku ati?"

"Lachiwiri ndi Lachisanu. Mukamutenge, tipitira limodzi."

Ine ndi Sanjeewa tinakwatirana mu Meyi. Mng'ono wa mayi aja sanathe kubwera, koma anali atayamba kutuluka kukaanika zovala panja.