Dzina Lakunyumba la Doudou

Banja litatha, Pei-shan ndi mwamuna wake A-Hung anagawana zinthu popanda phokoso. Mkazi anatenga firiji, mwamuna anatsala ndi kanyumba kake kogulitsiramo msuzi wa ng'ombe, ndipo mwana wawo wamkazi ankagona kwa amake mkati mwa sabata, Loweruka n'kupita kwa bambo ake. Chimene chinawakanika kugawana chinali nkhope ya mwanayo.

A-Hung sankatha kuona mwana akumwa msuzi osamujambula. Kanema mmodzi wa mwanayo akuuzira mbale, masaya ali tuu, anakopa anthu pa intaneti kuposa nyama yonse imene bamboyo anadulapo chibadwire. Kuyambira pamenepo foni inapeza malo ake pakamtengo pambali pa mphika, ndipo anthu ankachoka mpaka kumzinda wakutali wa Taipei kudzaima pamzere kuno ku Tainan.

"Bambo a Hsin-tung, mwanayu si chikwangwani cha malonda," ankatero Pei-shan akamusiya mwanayo pakhomo.

"Inu ndi mantha anuwo," A-Hung ankayankha uku akudula nyama. "Anthu akumukonda. Kukondedwa kwasanduka mlandu?"

Kusukulu mwanayo anali Kuo Hsin-tung, dzina losokedwa ndi ulusi pachifuwa pa yunifolomu ngati ana onse. Kunyumba anali Doudou, kutanthauza kanyemba, dzina limene anamupatsa akadali m'mimba. Dzina lotere silidumpha pakhomo, ndi la abale okhaokha. N'chifukwa chake Pei-shan anamuphunzitsa kuti wobwera kudzamutenga kusukulu akatchula la pachifuwalo asamutsate, poti kuwerenga aliyense amatha. Koma womuitana kuti Doudou, ameneyo ndi wathu, watumidwa ndi amayi.

Lachitatu lina, tsiku limene ana amaweruka masana, Pei-shan anachedwa pang'ono kuchoka kuntchito. Anafika pachipata cha sukulu pa njinga yake yamoto n'kupeza mwana palibe. Anathamanga chipewa chanjinga chili kumutu, akusuzumira m'sitolo iliyonse, mpaka anamuona pangodya pogulitsa tiyi. Mayi wina wachilendo anali atamukumbatira paphewa, foni m'mwamba, akudzijambula naye.

"Ndinu mayi ake?" anatero mayiyo akumwetulira mano onse. "Ine ndimamuonera tsiku lililonse. Baji ya sukuluyi ndinaiona m'kanema wa dzana, ndiye ndati ndingomupatsa moni."

Mayiyo sanali woipa mtima, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa kwambiri Pei-shan. Akanakhala woipa, akanayenda njira yomweyi, mosavuta chimodzimodzi.

"Anandiitana Doudou, amayi," mwanayo anatero ali panjinga. "Munati wotero ndi wathu."

Pei-shan analibe pomukalipira. Mwana anamvera lamulo bwinobwino, koma kiyi wa lamulolo bambo ake anali atagawira dziko lonse. Anatsimikiza mumtima kuti ulendo uno saimanso pakhomo n'kumadandaula.

Loweruka m'mawa analowa mpaka pamphika, mwana ali kudzanja. Mipando inali yodzaza, nthunzi ili tolotolo. Anamufotokozera A-Hung zonse motsitsa mawu.

"Ndiye wamuchita chiyani?" A-Hung anaseka pang'ono. "Wamugulira tiyi basi. Mukanamuthokoza."

Pei-shan anatembenukira kwa anthu akudyawo. Mwachibadwa ndi munthu wamanyazi, woti ngakhale m'basi sapempha mpando, koma tsikulo mawu anatuluka osanjenjemera.

"Pepani abale, ndakudulani kudya. Alipo akudziwa dzina lakunyumba la mwanayu?"

"Doudou," anayankhira pamodzi mokondwa ngati ana a m'kalasi.

"Dzino lapansi lija lamera?" anafunsa mtsikana wina.

"Lachinayi amakasambira, eti?" anawonjeza bambo wina wa pakona, amene anali yekha patebulo. "Kudziwe la kuseri kwa msika kuja."

Chipande cha A-Hung chinaima m'malere.

"Mwa onsewa mukudziwapo ndani dzina lake?" Pei-shan anamufunsa.

A-Hung anayang'ana tebulo ndi tebulo. Maso ake anakhalitsa pa bambo wa pakona uja, yemwe anali atabwerera kale kumbale yake.

"Dzinalo latha ntchito," anatero Pei-shan. "Mwanayu wasankha yekha lina. Ndamuuza kuti kuyambira lero womuitana lakalelo ndi mlendo, asacheuke, ayende mofulumira."

"Zamisala zimenezo. Dzinalo ndinamupatsa ndine." A-Hung anapukuta manja pa epuloni n'kugwada. Mwanayo anali atamufulatira, akuyang'ana nsomba za m'galasi pafupi ndi khomo. "Doudou, bwera kwa adadi."

Mwanayo sanacheuke.

"Doudou."

Timapewa tinagwedera, khosi linafiira, koma maso anawasiya pa nsomba. Pei-shan anamva chisoni, pakuti ankadziwa kuti mwamunayu, ndi kusamva kwake konse, mwana wake amamukonda zenizeni. Chisonicho anachimeza. Akanafewa apa, Lolemba kanema wina akanatuluka.

Kenako A-Hung anadzuka, nachotsa foni pakamtengo paja.

"Zojambulazi zimafufutika bwanji zonse pamodzi?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Sizifufutika pamodzi. Chimodzichimodzi." Pei-shan anakoka mpando, nakhala pomwe ankatha kuona foniyo bwino. "Ndipo zimene anthu anasunga kale m'mafoni mwawo, zapita. Yambani ndi za yunifolomu."

Pamzere panja anthu anayamba kung'ung'udza. Msuzi unkawira wopanda woupakula. A-Hung anafufuta kanema wa yunifolomu, wa kosambira, wa dzino, nafika pa woyamba uja wa masaya otupa. Anamuonera mpaka kumapeto, kenako nayenso anamuchotsa.

"Nanga dzina latsopanolo mundiuza liti?" anafunsa.

"Si langa," anatero Pei-shan. "Mukamaliza, mukapemphe kwa mwiniwake."