Nsangalabwi ya Wilmer

"Aphunzitsi, ife tinabwera kudzaphunzira kumanga misewu, osati kutola miyala ngati ana," anatero Wilmer, anzake n'kuseka.

Aphunzitsiwo anali Mayi Nélida Huamán. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankaphunzitsa jogalafe ophunzira uinjiniya pa yunivesite ina mumzinda wa Huancayo, ola limodzi pa sabata, ndipo ankadziwa kuti olalo anawo amalitcha nthawi yopuma. Mtima wa mayiwo unali ku Lima, likulu la dzikolo. Ankasirira kalasi ya anthu odzisankhira okha jogalafe, oti ukatambasula mapu sayang'ana wotchi. Tsopano kalata yowaitana kukagwira ntchito kumeneko inali m'chikwama, yankho likufunika pofika Lachisanu. Akuluakulu anali atanena kale kuti mayiwa akachoka, phunzirolo lithera pomwepo.

Tsikulo mayiwo anali atatengera kalasi ya Wilmer kuchigwa chouma kunja kwa tauni.

"Pano mungamangepo nyumba?" anafunsa.

"Tilekerenji? Ndi posalala, pouma gwaa," anayankha Wilmer.

"Takumbani pang'ono, a injiniya aakulu."

Wilmer anakumba monyinyirika n'kutulutsa mwala wosalala ngati dzira.

"Anausalaza ndani?"

"Kaya, mwina inuyo dzulo."

"Madzi, mwanawe. Nsangalabwi sibadwira kumtunda. Mtsinje unkadutsa pano, ndipo madzi saiwala khwawa."

Ena aja anabalalika kukadya chimanga chawo chophika ndi tchizi. Wilmer anatsala, akutembenuza mwala uja m'manja. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Pokumba maziko kwathu tinatulutsa yoteroyi mawilibala asanu," anatero motsitsa mawu. "Amayi anaiyala pabwalo kuti pakongole."

"Kwanuko n'kuti?"

"Patsinde pa phiri ilo. Tilipo nyumba makumi anayi." Kenako anapempha: "Mungabwere Loweruka mudzaone? Ine ndikanena angondiseka, ati sukulu yandizunguza mutu."

Mayi Huamán anayang'ana phirilo, kenako ophunzira aja. Chaka chilichonse pamabwera ena makumi asanu, odziwa kusakaniza simenti koma osadziwa kufunsa nthaka kuti inaonapo zotani.

Lachisanu analemba mizere iwiri yokana ntchito ija, misozi ikulengeza m'maso. Ku Lima ankakufunabe, ndipo ankadziwa kuti pamsinkhu wawo sadzaitanidwanso. Loweruka m'mawa anakwera basi yopita kwa Wilmer, mapu ali kukhwapa.