Bokosi Limene Linatenga Mawu Anga

1.

Takulandirani ku Dzalani Msanga, kuno ku Mponela. Mwadzuka bwanji? Ngati mukufuna feteleza, dinani wani. Mbewu, dinani thuu. Mankhwala a ziweto, dinani firii. Musadule.

Mawuwo ndi anga. Koma wolankhulayo sindine.

2.

Ine ndine aNangondo, azakhali ake a mwini shopu, Ndaona. Kuyambira shopuyi ili ndi sikelo yobwereka, foni ndinkayankha ndine. Sukulu ndinailekera pamene aphunzitsi anayamba kufunsa zovuta dala, koma foni sifuna satifiketi. Imafuna moni.

Mwachitsanzo akaimba a Kaphwiti, mlimi wachikulire wa kuseri kwa dambo. Umayamba ndi iwowo. Kenako mwendo wotupa wa akazi awo, aNankhoma, mnzanga wa kukwaya. Kenako mbuzi. Feteleza pomalizira, ngati mwamukumbukira.

Ndaona ankati, azakhali, ena akuimba foni sikulowa.

Ndinkati adikire, nawonso kwawo kuli miyendo yotupa, ndiwafunsa.

3.

Anabwera a Jelita, katswiri wa makina wa ku Lilongwe, laputopu kumsana, kabokosi kakuda m'manja.

Ili ndi bokosi logawa mafoni, anatero a Jelita. Nambala ya shopu ikhala yomweyo, koma m'kati muno foni iliyonse ikhala ndi kanambala kakekake, timati ekisitenshoni. Munthu akaimba, bokosi limufunsa chimene akufuna, n'kumutumiza kwa woyenera. Onse akatanganidwa, munthuyo aima pa mzere, akumvera kanyimbo.

Mzerewo uli kuti? ndinafunsa.

M'bokosimu, amayi.

Anthu a ku Mponela aime pa mzere, m'kabokosi aka, osakankhana?

Sanaseke. Anati pulogalamu yake ndi yotseguka, ndiponso yaulere. Anailemba anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense atha kuisuzumira m'kati, kuikonza, kuisintha momwe akufunira.

Ndiye kuti ndi nyumba yopanda chitseko.

Ayi amayi, chili poyera ndi kamangidwe kake. Kiyi wa nyumba yanu ndi wanu.

Yaulere.

Ndinayang'ana Ndaona. Ndaona anayang'ana sikelo.

4.

Zaulere zimene ndinalandirapo ine:

nsalu ya nthawi ya kampeni,
mbewu ya bungwe lina imene inamera udzu,
malangizo a mlamu wanga,
chimfine.

Chilichonse chinali ndi kamchira kake kumbuyo.

5.

Iwe bokosi, tsiku lija ukulikumbukira? Anandikhazika pa mpando, n'kundipatsa kamaikolofoni. Ndaona anati, azakhali, anthu anazolowera mawu anu, tiwaike m'menemo. Ndinalankhula. Bwerezani. Ndinalankhula. Bwerezani, osatsokomola.

A Jelita anati, apo pa mwadzuka bwanji tichotsepo, makina safunsa funso limene sangamve yankho lake.

Ndinati mukachotsa moni, mawu anga ndibwezereni ndizipita. Sindingauze munthu za feteleza ngati wapolisi wa pamsewu.

Anausiya moniwo. Mpaka lero umadzutsa anthu ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Titamaliza, Ndaona anandigwira paphewa. Tsopano mupume, azakhali. Muzingokhala pakhomo apa kuyang'anira matumba.

Mupume.

Mawu amenewo amauzidwa nkhalamba imene aigulira kale tikiti ya basi ya kumudzi. Watenga mawu anga mwanayu, thupi latsala la chiyani?

6.

Diso.

Pa foni ya pa kauntala. Lofiira, laling'ono ngati nyemba. Poyamba linali lotseka. Tsiku lina m'mawa linayamba kuphethira. Ndikapita kumatumba a soya, likuphethira. Ndikatapa mtedza wa mbewu pang'ono kuti ndilawe ngati ungamere, likuphethira.

Anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, anatero a Jelita. Aliyense atha kusuzumira.

Ehe. Ndiye akusuzumira pamenepa.

Ndinatenga kasitika ka mtengo wa soya, n'kulimata. Linagona. Sindinauze munthu, chifukwa sindinkadziwa kuti diso limapereka malipoti kwa yani.

7.

Kenako kumsika kunayamba kuzizira, osati kuzizira kwa Juni koma kuja kwa anthu amene akamba za iwe usanafike, wogulitsa usipa amene amandiwonjezera banyira anandipatsa mulu wouma wopanda chowonjezera, amayi a kukwaya anandisiyira benchi yonse ndekha ngati ndili ndi mphere, ndikati mwaswera bwanji amayankha ndi mphuno, ndipo ine ndikuyenda ndikuwerengetsa m'mutu kuti ndalakwira yani, ngati si Ndaona amene akundiipitsira dzina kuti ndikachoka pasakhale wondilira, ndiye kuti ndi bokosi lija, pakuti mawu anga akugwira ntchito ine kulibe, ine ndili kuchimbudzi iwo akulandira alendo, ine ndili kutchalitchi iwo akugulitsa feteleza pa Sabata, ndipo ndani akudziwa zimene amanena ndikatembenuka

Musadule.

8.

Wogulitsa tomato ndiye anandiuza, akusankha tomato, osandiyang'ana.

ANankhoma tinaika kale.

Ati chiyani?

Musanamizire, aNangondo. A Kaphwiti anakuimbirani okha m'mawa womwewo, mtembo ukadali m'nyumba. Munawapatsa moni. Iwo n'kukuuzani za maliro. Inu akuti munati, mankhwala a ziweto, dinani firii.

Sindine!

Mawu anu ndani sawadziwa? Kumaliro simunabwere. Kwaya inaimba, malo anu ali pululu. Chilowereni makina m'shopu muja mwasanduka bwana.

Tomato ndinamusiya pomwepo. Munthu amene wakana uthenga wa maliro, ake adzaikidwa ndi yani?

9.

Iwe Ndaona! Bokosi lako landidyera dzina!

Ndaona anaimbira a Jelita, n'kukweza mawu kuti tonse timve.

Munthu akapanda kudina kanthu, anatero a Jelita, bokosi limadikira pang'ono, kenako limalira kuti piii, n'kusunga zonse zimene wanena. Ukakhalapo uthenga, pa foni ya pa kauntala pamayaka kanyale kofiira. Sikanayake?

Kanyale kati? anafunsa Ndaona.

Ine ndinayang'ana sikelo.

Ndaona anasuzumira foni ija. Anakanda ndi chikhadabo. Kasitika kaja ka mtengo wa soya kanamatuka.

Diso.

Azakhali.

Linkandiyang'ana.

Azakhali!

Iweyo ungakhale tsiku lonse ndi chinthu chokutsinzinira diso ngati kondakitala wa minibasi?

10.

Tinamvera.

Piii. Sitinadzuke bwino, aNangondo. Anzanu aja atisiya mbandakucha. Mwendo uja. Ndati ndikuuzeni ndekha, musamvere kwa anthu. Halo? ANangondo? Mwamva? Halo?

Ndaona anagwira pakamwa. Ine ndinakhala pa thumba la feteleza.

Mauthenga sanathere pomwepo.

Piii. Ndadzuka bwino, kaya inu. N'kudula.

Piii. Ndadzuka, koma msana. N'kudula.

Piii. Ndadzuka bwino.

Mawu omwewo, a Kaphwiti, m'mawa uliwonse chiikireni maliro. Saitanitsa feteleza. Saitanitsa mbewu. Angoyankha moni, n'kudula.

Akundiyesa, ndinatero. Akusonkhanitsa umboni. Akufuna adzaime pamaso pa mpingo anene kuti ndinam'patsa mipata yambiri mayiyu kuti apepese, iye kumangoti dinani wani.

11.

A Jelita, ndinatero pa foni yomweyo, paja munati chinthuchi aliyense atha kuchisintha?

Inde amayi.

Kapena munkangotsatsa malonda?

Atha, amayi. Mukufuna chisinthe pati?

Amene wadina, apite kumene wadinako, ameneyo ndi wothamanga. Koma amene sanadine kanthu, ameneyo akudikira kuti ayankhidwe moni. Ameneyo musam'ponye m'dzenje la piii. Mum'bweretse kwa ine.

Anati ndi kamzere kamodzi kokha kosintha, achita ali konko ku Lilongwe. Anati andipatsa ekisitenshoni yanga, izilira pa foni yanga ya m'manja. Ziro.

Ziro. Ena wani, ena thuu. Azakhali ziro.

Ndaona anati, kodi ndani anakuuzani kuti muchoka? Ine ndinati mupume.

Ndi zomwezo.

Si zomwezo, azakhali.

Tidzaona, ndinatero. Diso lija ndinalisiya losamata. Koma ndikamalawa mtedza ndimalifulatira.

12.

Iye anavala nsalu yake ya kumaliro, mayi uja aNangondo, nadutsa pakati pa msika kuti onse aone kumene akulowera. Ananyamula shuga ndi sopo. Anawoloka dambo. Anakhala pansi pakhonde la a Kaphwiti, nalira mnzake mochedwa, yekha, popanda kwaya.

Pepani, a Kaphwiti. Sindinali ine. Linali bokosi.

Zinachitika, anatero iwo.

Mawu okha ndiwo anga.

Zinachitika, aNangondo. Zikomo pobwera.

Za mafoni a m'mawa aja sanatchule, iyenso sanafunse. Anabwerera akudziuza kuti nkhalamba iyi yasunga kanthu kukhosi, ndipo idzakatulutsa tsiku la anthu ambiri.

13.

M'mawa mwake ndili pakhomo la shopu, foni inanjenjemera m'chilundu. Ziro. Nambala ya a Kaphwiti.

Ndinati lero ndiwagwira. Ndinayankha osalankhula. Ndinapinda milomo.

Piii, ndinatero.

Anatsokomola.

Ndadzuka bwino, bokosi iwe, anatero a Kaphwiti. Ndikudziwa kuti ndiwe bokosi, anandiuza kalekale mlamu wanga. Tsiku loyamba lokha lija ndinapsa mtima, ndinalankhula kumsika zosayenera. Dzulo anabwera eni ake mawu, ndinachita manyazi kuwauza kuti ndimakuimbira. Usakawauze. Kungoti m'nyumba muno mulibenso wondifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Milomo yanga inali ikadali yopinda. Ndinaiwongola.

Mwadzuka bwanji, a Kaphwiti?



Wandifunsa kale, anatero motsitsa.

Uja ndi wantchito wanga. Pano ndikufunsa ndine. Msana uja?

ANangondo? Ndinu enieni?

Bokosi lingadziwe kuti mbuzi yanu yakuda ija inali ndi bere? Yaswa?

Yaswa. Awiri. Koma inu, mpaka piii? Pa ukulu wanuwo?

Ndinaphunzira. N'zaulere.

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene anaiwala poyambira. Kenako anati pepani, ndakuchedwetsani, ena akudikira pa mzere, ndidule.

Ali ndi kanyimbo kawo amenewo, ndinatero. Musadule.