Fodya Wobisira Apongozi

Boaz Sakala ankapalasa njinga yonyamula anthu mumzinda wa Chipata. Malo ake oimapo anali pamsika wa Kapata, ndipo munthu ukamufuna sunkavutika, unkangotsata utsi. Ankasuta balani wopichira m'kapepala ka nyuzipepala, fodya wotchipa uja amene fungo lake limatsalira m'malaya ngakhale utachapa kawiri. Kapata yense ankadziwa. Amene sankadziwa anali munthu mmodzi yekha, apongozi ake, a Elesi a ku Chipangali, mlimi wa mtedza komanso mayi wa chigwirizano amene ankanena poyera kuti wosuta ndi woledzera adzalowera khomo limodzi kumoto. Nthawi imene Boaz ankafunsira mwana wawo Olipa, ankhoswe adalumbira kuti mnyamatayu samwa ndipo sasuta. Theka la mawuwo linali loona.

Boaz ndi Olipa anali ndi mwana mmodzi, Tawina, wa zaka zitatu. Mwanayo anali ndi mphumu. Ikamugwira, m'chifuwa mwake munkalira ngati muli kamwana ka mphaka, nthiti n'kumaonekera zonse. Nyumba yawo inali ya lendi, chipinda ndi pabalaza, zenera limodzi. Tsiku lina kukiliniki namwino ananunkhiza juzi ya mwanayo, kenako anayang'ana Boaz.

"Atate, mwana uyu akusuta nanu limodzi. Mukapitiriza, muzamuika m'manda ndi manja anu."

Mawuwo anamulasa. Namwino yemweyo ndiye anamulozera ku kashedi ka kuseri kwa kiliniki, kumene bungwe lina linkathandiza anthu osauka kusiya fodya. Lachitatu lililonse ankakumana kumeneko: opalasa njinga, onyamula katundu, ophwanya miyala, ndi amayi awiri a fodya wamphuno. Mlangizi wawo anali mayi Sheila, wolankhula mosapsatira. Ankawafunsa nthawi imene chibaba chimawagwira kwambiri, n'kumaganiza nawo chochita nthawi imeneyo. Ankawapatsa mapulasitala omata pamkono ochepetsa chibabacho. Kenako aliyense ankauzira mpweya m'kamakina kakang'ono. Kakayatsa kofiira, ndiye kuti wasuta. Kakayatsa kobiriwira, kumapeto kwa mwezi ankalandira thumba la ufa.

Alipo ankaseka kuti munthu wandevu zake akusiya fodya chifukwa cha ufa. Oseka oterowo sanagonepo ndi njala, asiyeni.

Pomupatsa Boaz bokosi loyamba la mapulasitala, mayi Sheila sanalitaye m'manja msanga.

"Mumve bwino, a Sakala. Mphamvu ya fodya ili momwemu. Kwa inu ni mankhwala, kwa mwana ni poizoni. Muike pamwamba. Ndipo onse a pa nyumba muwauze kuti ichi n'chiyani."

"Namva, madamu."

Anaikadi pamwamba, pakati pa khoma ndi malata.

Masabata oyamba anali oipa. Boaz ankakalipira aliyense, ngakhale nkhuku za eni nyumba. Mnzake wa panjinga, Alfonsi, ankachita kumuuzira utsi kumaso. "Nanga abusa, lero simulawako?" Boaz ankangotafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Kenako m'mawa wina anadabwa kuti wadzuka osatsokomola. Chitunda chimene kale ankatsikirapo n'kumakankha njinga anayamba kuchikwera ali pampando, kasitomala ali kumbuyo. Tawina nayenso anayamba kugona mpaka kucha. Lamulungu ankamukweza pa kampando ka siponji ka kumbuyo kwa njinga, Olipa akumugwirizira, mwanayo akufuula kuti "Hutala, atate, hutala!" Thumba loyamba la ufa litalowa m'nyumba, Olipa analira. Boaz anali wosangalala, ndipo sankabisa.

Mu Juni, mphepo itafika pachimake, a Elesi anabwera kudzacheza atasenza mtedza. Boaz ankawalemekeza monga mkamwini woleredwa bwino. Sankawayang'ana kumaso, sankadya nawo pamodzi, akamalankhula nawo ankanjuta chapatali maso ali pansi. Ulemu woterewu ndi wokoma kuuona, koma sumasiya mpata woti anthu awiri auzane zoona.

M'mawa wina akuchokera kubafa atavala vesiti, anakumana nawo pakhomo. Anayesa kuphimba mkono ndi thaulo koma anali atachedwa.

"Atate ake a Tawina, mwavulala?"

Boaz ananjuta. Olipa anali pomwepo akukoleza mbaula, ndipo anaweramira makala ngati sanamve.

"Iyayi amayi. Ni mankhwala chabe."

"A chiyani?"

Apa ndiye panali ponenera. Koma kunena kukanatanthauza kuvomera kuti zaka zonsezi ankasuta, kuti ankhoswe adanama, kuti chifuwa cha mdzukulu wawo adachiwononga ndi iye. Akulu adati manyazi adapha lambe.

"A chifuwa, amayi."

"Ndiye chifukwa chake! Ulendo watha uja munali kutsokomola ngati thirakitala. Manje chaleka?"

"Chaleka."

"Kungomata chabe? Achipatala ali ndi nzeru, ee."

Boaz analowa m'nyumba akuona ngati wapulumuka. Pamene ankatenga pulasitala yatsopano pamwamba pa khoma, a Elesi ankaona kudzera pakhomo.

Kwathu kuno mankhwala sakhala a munthu mmodzi. Mapiritsi otsala a malungo amadutsa mpanda kupita kwa aneba, a mutu amagawidwa pakati, botolo la chifuwa limamwedwa ndi nyumba yonse. Si umbuli ayi, ndi umphawi wosakaniza ndi chifundo. A Elesi adalera ana asanu ndi mmodzi mwa njira imeneyi.

Lolemba lotsatira Olipa analawirira kumsika ndi tomato wake. Boaz anapeza katundu wopita kutali, kunjira ya ku Mfuwe. Kunja kunali fumbi ndi mphepo, ndipo chakumasana mphumu inamugwira Tawina. Kabotolo kake ka mankhwala opopera m'kamwa kanali katatha, Olipa ankayembekezera kukatenga kena mawa lake. A Elesi anamufunditsa, anamumwetsa madzi ofunda, anapemphera. Kamphaka kaja kanapitiriza kulira. Ndiye anakumbukira. Anakwera pa mpando, natsitsa bokosi. Zolembedwapo zinali m'Chingerezi, koma akanawerengeranji pamene mwini wake adawauza ndi pakamwa pake? Poona kukula kwa chifuwacho anamata ziwiri, ina pamtima ina kumsana, n'kumuveka juzi.

Patapita nthawi mwanayo anayamba kusanza. A Elesi anathokoza Mulungu. Kumudzi mankhwala akasanzitsa ndiye kuti agwira, matenda akutuluka. Anamupukuta, namubereka, n'kumayenda naye pabwalo akumuimbira nyimbo ya kutchalitchi.

Boaz anafika dzuwa litapendeka. Anapeza mwana ali lobodo kumsana kwa agogo ake, thukuta lili kamukamu m'mphepo imeneyo, dovu likutsika, milomo itachita mdima.

"Wayamba liti?"

"Masana. Koma wasanza, zituluka."

Sanafunsenso. Tsiku limenelo ulemu unatha: anakweza apongozi ake pa kampando ka kumbuyo, mwana ali kumsana, napalasa ngati wamisala mpaka kuchipatala chachikulu. Mnyamata wina wa panjinga anathamangira kumsika kukauza Olipa. M'njira yonseyo palibe anaganiza zovula mwanayo juzi. Anakamuvula ndi namwino.

Namwinoyo anamatula mapulasitala aja mwachangu, nafuula kuitana dokotala. Atamulowetsa mwanayo mkati, anatulukanso, zinthu zija zili m'dzanja.

"Anamumata izi ndani?"

"Ndine," anatero a Elesi. "Ni mankhwala a chifuwa a atate ake."

"A chifuwa? Anakuuzani ndani? Izi n'za anthu osiya fodya, mayi! Mwana wakhala akumwa fodya ndi khungu tsiku lonse!"

A Elesi anatembenukira kwa Olipa, amene anali atangofika, chitenje chili m'manja. Olipa anayang'ana pansi.

"Pa nyumba panu asuta fodya ndani?"

Pakhonde ponse panali anthu odikira odwala awo.

"Ndine, amayi," anatero Boaz. "Nayamba nikali mnyamata. Ninakunamizani."

Kuyambira pamene Boaz anakwatira mwana wawo, a Elesi anali asanamuyang'anepo m'maso. Anamuyang'ana tsiku limenelo, nthawi yaitali. Sanatukwane. Akanatukwana bwenzi zili bwinoko. Anangokhala pansi pa simenti, natambasula manja awo pamiyendo n'kumawayang'ana.

"Ninam'mata ziwiri," anatero. "Ninati kuti achire msanga."

Tawina anamwalira Lachiwiri m'mawa. Adokotala anati mphumu inali yaikulu kale, ndipo mtima wa mwana sukanatha kulimbana ndi zonse ziwiri.

Maliro a munthu wosauka amapweteka kawiri. Anthu anadzaza pabwalo, a ku Chipangali anafika pa lole, a mpingo anabwera ndi nyimbo zawo, ndipo pofika Lachitatu m'mawa ufa unali utatha. Amayi ophika anayamba kunong'onezana. Boaz anali atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Alfonsi anabwera nakhala pambali pake. Nthabwala zinali zitamuthera. Anapichira balani bwinobwino, namupatsa mnzakeyo ndi manja awiri, chifukwa chinali chipepeso chokhacho chimene anali nacho.

Boaz anaulandira. Anaununkhiza. Thupi lonse linkaufuna, mpaka mano ankayabwa. Kenako anafunsa, "Lero n'lachingati?"

"Lachitatu."

Linali Lachitatu lomaliza la mwezi. Anaika ndudu ija m'thumba la malaya, nakwera njinga.

Kukashedi kuja anzake anali atafola kale. Mayi Sheila anali asanamve kanthu. Boaz anadikira mpaka nthawi yake itakwana, anakoka mpweya, nauzira m'kamakina. Kanayatsa kobiriwira.

"Mwaona, anzanga?" anatero mayi Sheila mokweza. "Uyu munthu anali kusuta ngati uvuni wa njerwa. Muombereni m'manja!" Anthu anaomba. "Nanga Tawina wathu ali bwanji? Apuma bwino manje?"

"Tiika mawa, madamu."

Manja aja analeka limodzilimodzi. Mayi Sheila anafunsa chimene chachitika, ndipo Boaz anawauza zonse, osachotsapo, ngati akunena za munthu wina. Mayiyo anagwira pakamwa. Anafuna kunena kuti ndinakuuzani, zinkaoneka m'maso, koma anameza.

"A Sakala, musaleke kubwera. Makamaka manje. Olo simufuna kukamba, muzibwera chabe muzikhala nafe."

"Nipempha ufa, madamu. Anthu sanadye."

Anamupatsa. Ananyamula thumba lija, naliika pa kampando ka siponji, nalimanga ndi mphira mosamala kuti lisagwe. Sanakwere njingayo. Anaikankha njira yonse mpaka ku Kapata.

Amayi ophika analandira ufawo, mmodzi nati, "Mulungu adalitse amene wapereka." A Elesi anali atakhala pamkeka pafupi ndi khomo, Olipa atagoneka mutu pamiyendo yawo. Boaz sanabwerere kuseri. Anakoka njerwa, nakhala pabwalo pomwepo moyang'anana ndi apongozi ake. Anapinda dzanja la malaya, anamatula pulasitala, naipinda pawiri monga adamuphunzitsira, n'kuiponya pamoto. Kenako anatulutsa ndudu ya Alfonsi ija, natola khala.

A Elesi anamuona akuyatsa. Utsi unadutsa pabwalo n'kulowa pakhomo, m'chipinda momwe munali kabokosi koyera. Palibe anatsokomola.