Mpangankhani Wakhala Kumbuyo kwa Kalasi

"Ine nkhani yaifupi ndimangoinunkhiza, basi ndadziwa mpangankhani, phunziro lake, ngakhale chimene mlembi anadya m'mawa."

Ankayankhula choncho ndi a Mwakalinga, mkulu wa aphunzitsi a Chiswahili, uku akuviika chapati mu tiyi. Tumpale, mphunzitsi watsopano, anamva ali pakhomo la chipinda cha aphunzitsi. Ankadziwa kuti mkuluyu buku amalekezera pachikuto, koma sanaseke. M'mawa umenewo a Mwakalinga ankadzaonerera phunziro lake, ndipo lipoti lawo ndi limene likanagamula ngati Tumpale akhalabe pasukuluyi ku Tukuyu, m'dziko la Tanzania, kapena abwerere kwawo kukalima nthochi.

Vuto linali nkhani yoti ana azukute. Mabuku sanabwere chaka chimenecho, choncho Tumpale analemba yakeyake mtima uli wowawa, n'kugawira Fomu 3 osaikapo dzina. Inali ya bwana amene anatenga manotsi a mnzake wamng'ono n'kuwasindikiza m'dzina lake. Bwanayo sankayamba chiganizo popanda mawu akuti "kwenikwenitu".

M'kalasi, a Mwakalinga anakhala kumbuyo.

"Lero tione malo ndi nthawi basi," anatero Tumpale.

"Zimenezo tinamaliza dzulo, Mwalimu," anayankha Lusekelo, mtsikana wapatsogolo amene sanaphonyepo funso, ngakhale lofunika kuliphonya. "Lero munati khalidwe la mpangankhani."

Manja anakwera kalasi yonse.

"Ndi wakuba, Mwalimu."

"Ndi waulesi, koma nsapato amapolisha."

"Umboni uli m'mayankhulidwe ake," anatero Lusekelo. "Mawu amodzimodzi wawanena kasanu ndi kawiri. Ndawerenga."

Kumbuyo kuja mpando unalira. A Mwakalinga anaimirira, pepala atalitembenuza, kufuna kuthandiza ana.

"Kwenikwenitu, ana inu..."

Mitu makumi asanu inaweramira pamapepala, ndipo a Mwakalinga nawonso, posowa koyang'ana, anawerenga. Anawerenga yonse, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera. Tumpale anali atayamba kale kuganiza za basi ya kwawo ndi zokawauza mayi ake.

"Bwanayu mapeto ake n'chiyani?" anafunsa mkuluyo mawu atatsika.

"Nkhaniyi sinanene, Mwalimu," anatero Lusekelo.

"Ulesi wa mlembi umenewo. Nkhani imafunika mathero." Anapukuta m'khosi ndi mpango. "Tulutsani manotsi a chikuto chobiriwira ndinakugawirani aja. Khwatchani dzina langa lili pamwambapo. Lembani Tumpale Mwaisaka."

"Ndiye kuti inuyo, Mwalimu..." anayamba Lusekelo.

"Iwe, lemba! Ndakufunsa maganizo?"

Zolembera zinakwakwaza. A Mwakalinga anayendera mizere yonse kuona ngati ana alemba bwino dzinalo. Atafika kutsogolo anasaina lipoti patebulo la Tumpale, osamuyang'ana.

"Mlembi wanuyo mukamuuze, Mwalimu," ananong'ona. "Chaka chamawa alembe za ahedi."