Mawu a Wailesi

Madamu ankasita malaya a amuna awo Loweruka m'mawa pamene foni inalira. Anaimika simbi n'kuyankha. Anali mtsikana wotsogolera kalasi ya chaka choyamba, kalasi yomwe Madamu ankaiphunzitsa Chingerezi ku yunivesite.

"Madamu, Wailesi wamwalira. Anadwala pang'ono chabe patchuthi pomwepa. Tamuika dzulo."

Ophunzira a Madamu ankayeserera kulankhula Chingerezi pa pulogalamu ya pafoni. Aliyense ankadzijambula mawu n'kutumiza, ndipo Madamu ankamvetsera n'kuyankha ndi mawu awo. Ena ankangolankhula ziganizo ziwiri n'kuthawa. Mnyamata uyu ankalankhula mpaka pulogalamu imudule yokha: za mnzake wa m'chipinda wochita mkonono, za nsapato zake zolowa madzi, za chilichonse. Ndiye anzake anamutcha Wailesi.

"Palinso china, Madamu," anatero mtsikanayo. "Foni yake ili ndi amayi ake. M'mawa uliwonse ikumalankhula ndi mawu anu, kumuuza kuti sanatumize ntchito. Dzulo inalankhula anthu ali m'kati mwa pemphero."

Chinali chikumbutso chomwe Madamu anajambula okha kumayambiriro kwa chaka, chodzutsira aulesi. Anayang'ana kolala ya malaya aja. Anadikira kuti mtima uwawe, koma sunawawe. Anati, "Ambuye mulandireni," ndipo mawuwo anangotuluka ngati moni wa panjira. Kenaka anaimbira Wamakina, bambo woyang'anira makompyuta a pasukulupo.

"Achimwene, zimitsani chikumbutso cha mwana ameneyu."

"Cha munthu mmodzi sichizimitsika, Madamu. Mwina ndizimitse cha kalasi yonse, apo ayi ndimuchotse m'pulogalamu. Koma ndikamuchotsa, zonse zimene anajambula zipita naye limodzi. Sizibwerera."

"Enawo mayeso awo ali pafupi. Mukawazimitsira agona tulo. Mchotseni."

"Bwanji tidikire Lolemba?"

"Mawa m'mawa ilankhulanso m'nyumba ya maliro. Mchotseni lero."

Anabwerera pa simbi. Amuna awo, omwe anamva zonse ali pakhomo, anawabweretsera kapu ya madzi osafunsa kanthu. Tsiku lotsatira anavala malaya aja, mkono umodzi uli wosasita, ndipo sanatchule.

Sukulu itatsegulidwa, Madamu analowa m'chipinda cha makompyuta monga mwa masiku onse. Pampando wa Wailesi wina anali atakulunga bwinobwino chingwe cha mahedifoni. Mayi wosesa anapukutanso pamenepo, monga amapukutira pa ena onse. Pa kompyuta ya Madamu maina a ophunzira anali atayandikana, osasiya mpata pomwe panali la Wailesi. Madamu anaphunzitsa za mmene munthu amadzifotokozera pofunsira ntchito. Ana anabwereza, iwo anakonza, nthawi inakwana.

Masana a tsiku lina mlonda anagogoda paofesi pawo, atanyamula chikwama cha mayi wina wachikulire yemwe ankapuma mwaphuma chifukwa cha masitepe. Pambuyo pawo panali mtsikana wamkulu ndithu, wankhope ngati ya Wailesi.

Madamu atangopereka moni, mayiyo anawayang'ana.

"Ndinu uja mumatidzutsa m'mawa. Mawuwo ndawadziwa."

"Ndine, mayi. Pepani ndi zovutazi."

"Iai, simunkativuta. Ndinali nditayamba kuzolowera. Ndinkati kuli munthu wina amene akumufunabe." Anakhala pampando, manja pamiyendo. "Ndisakutayitseni nthawi. Anzake akuti zonse zimene ankalankhula mumasunga kuno. Ife kunyumba tili ndi zithunzi zokha. Mwana wolongolola chonchija, koma palibe anaganizako zomujambula. Chingerezi sindimva, mwanangu. Ndikungofuna ndimumve basi."

"Achimwene anga aja akayamba, ngakhale nkhuku zinkasamuka," anatero mtsikanayo, ndipo anaseka pang'ono n'kuleka.

Madamu anamva ngati nkhaniyo ikuuzidwa munthu wina m'chipinda choyandikana. Anaimirira n'kunena kuti, "Tiyeni kwa Wamakina." Ankadziwa chimene akakapezeko, komabe miyendo inapita.

Chipinda cha Wamakina chinali chopanikiza, chodzaza zingwe ndi makompyuta akufa. Bamboyo anachotsa bokosi pampando wake, anaupukuta ndi dzanja, n'kuwapatsa mayi aja. Anamvetsera pempho lawo mpaka kumapeto. Kenaka anawerama pa kompyuta n'kuyamba kufufuza. Anatsegula uku, anatsegula uko, nthawi yaitali ndithu, pomwe iye ndi Madamu ankadziwa kuti mulibe kanthu. Madamu ankangoyang'ana fani ikuzungulira pakona.

"Mayi," anatero pomaliza, maso ali pa kompyuta, "makinawa amafufuta okha munthu akachoka pasukulu. Ndi mmene anawapangira. Palibe chatsala."

Sanawayang'ane Madamu.

"Ngakhale kamodzi kokha?" anafunsa mtsikanayo. "Ngakhale kutsokomola?"

"Zatsala ndi zimene Madamu ankamuyankha. Zimenezo zimasungidwa kumbali yawo."

"Tiyikireni zomwezo," anatero mayi aja.

Wamakina anakweza sipika. Mawu a Madamu anadzaza kachipindako, osangalala, akuyankha munthu yemwe sankamveka. Panali pena pomwe ankaseka. Madamu sankakumbuka chimene chinawaseketsa.

"Akuti chiyani?" mayi aja anafunsa mwana wawo.

"Akuti walankhula bwino, koma achepetse liwiro, palibe akumuthamangitsa. Akutinso nkhani ya nsapato ija yakwana, agule zina."

"Ndi yemweyo!" Mayiwo anawomba m'manja kamodzi. "Nsapato zimenezo ndinamuuza ine. Ikaninso ina."

Anamvetsera ina, ndi inanso. Mayiwo ankapendeketsa mutu pamalo pomwe mawu a Madamu ankaima kaye, ngati kuti mwina m'mpatamo mutuluka kanthu. Simunatuluke kanthu. Atatopa anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango n'kuimirira.

"Basi. Zofuna Mulungu. Ndimayesa mwina. Mwasiya ntchito zanu chifukwa cha ife, Mulungu akudalitseni nonse awiri. Inu aphunzitsi, zikomo pomumvetsera. Kunyumba tinkamuuza kuti akhale chete."

Mlonda anali akudikirabe pakhonde ndi chikwama chija. Anatsogola, mtsikana atagwira amayi ake pamkono, ndipo anayamba kutsika masitepe pang'onopang'ono.

Madamu anatsala ataima pakhomo. Wamakina anali akukulunga chingwe cha sipika.

"Zisiyeni choncho, Madamu," anatero motsitsa mawu. "Munkafuna kuwathandiza. Apita ndi mtendere."

Madamu anayesa kupemphera, koma m'mutu munalibe mawu alionse. Anangomva nsapato za mayi aja zikukhwekhwereza pa sitepe iliyonse. Anatuluka. Pakhonde panali ophunzira awo angapo akudikira kalasi yamasana, mafoni m'manja, ndipo anapatuka kuti Madamu adutse. Anafika pamwamba pa masitepe n'kugwira chitsulo cha m'mbali.

"Mayi."

Onse atatu anatembenuka.

"Makina sanafufute okha. Ndine ndinalamula. Bambo aja anandiuza kuti mawu ake apita, anandipempha kuti tidikire, ine ndinakana. Sindinakufunseni." Mawu awo anamveka pakhonde ponse, ouma ngati akuwerenga chilengezo. "Mundikhululukire, mayi. Chonde mundikhululukire."